A JZU ndi mpando wa khonsolo ya yunivesite

Mwana wa Chikanda: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Dzulo tinkatsutsana ndi anzanga za fizi, wina n'kunena kuti zonsezi amagamula ndi a khonsolo. Ndiye mnzathu wina amene amakonda mbiri yakale anati kale wapampando wa khonsolo ya University of Malawi anali a John Tembo (a JZU), omwewa anamwalira mu 2023. Ine ndinkawadziwa ngati a ndale basi, a MCP. Nanga ku yunivesite ankatani? Ankaphunzitsa? Komanso khonsoloyo ntchito yake n'chiyani, poti ife timangomva za a vayisi chansala?

Mphunzitsi Wopuma: Mwanawe, wafunsa bwino. Sankaphunzitsa ayi. Yunivesite ili ndi nyumba ziwiri. Seneti ndi ya aphunzitsi, imaona za maphunziro: zoti ziphunzitsidwe, mayeso, amene wakhoza ndi amene wawidedwa. Khonsolo ndiye mwini munda. Imalemba anthu ntchito ndi kuwachotsa, imavomereza bajeti, imaika fizi, imasunga malo ndi nyumba, ndipo munthu akafuna kusumira yunivesite amasumira khonsoloyo. Mamembala ake ambiri si ogwira ntchito pa koleji, amangobwera pa misonkhano. Wapampando ankasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, amenenso anali chansala. Pamenepo uyambe wasunga, tibwererapo.

Madala a 1978: Kkkk ana inu mwatikumbutsa kutali. Ife tinalowa ku Chirunga, ku Chancellor College, koleji itangosamuka kumene kuchoka ku Chichiri, paja inasamuka mu 1973. Mitengo ina mukuiona lero ikuluikuluyo inali timbande. A Tembo sitinkawaona masiku wamba. Tinkawaona tsiku la madigiri, atakhala kutsogolo pafupi ndi Ngwazi, atavala mkanjo, nkhope ili phee. Munthu wosaseka chisawawa. Koma dzina lawo linkayenda m'makonde tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi akati "nkhaniyi yapita ku khonsolo," aliyense ankadziwa kuti yapita kwa ndani.

Mwana wa Chikanda: Ndiye kuti anali munthu wophunzira kwambiri eti?

Mngoni wa pa Dedza: Funso limenelo ndiyankhe ine, chifukwa pagulu pano akabwera ena angoyamba ndi zoipa. A John Zenus Ungapake Tembo anabadwa pa 14 September 1932 kwathu ku Dedza, mwana wa m'busa. Digiri anakaitenga ku Roma, ku Lesotho, nthawi imene Amalawi a digiri unkatha kuwawerenga ndi zala. Atabwera anayamba ndi choko, uphunzitsi wa ku sekondale. Mu 1961 analowa nyumba ya malamulo. Mu 1964 anakhala nduna ya zachuma akadali wachinyamata. Kenako nduna ya zamalonda, ndipo kuyambira 1971 mpaka 1984 anali gavanala wa Reserve Bank. Zaka 13 pa mpando umenewo! Nthawi imeneyo kwacha inali kwacha. Ndiye munthu wotere kumuika kuti ayang'anire chuma cha yunivesite, cholakwika n'chiyani? Mukanaika ndani?

Madala a 1978: Za kwachazo a Mngoni sakunama. Ine ndili ndi K1 ya nthawi imeneyo, ndinaipana m'Baibulo la malemu mayi anga, pa Masalmo. Siginecha ya gavanala ili pomwepo. Adzukulu akaiona amaseka, amati agogo ndalama yake iti yopanda maziro.

Wakwithu: A Mngoni, mwawerenga maudindo bwino, koma mwasiyira panjira. Onjezerani: msungichuma wamkulu wa chipani, wapampando wa makampani ambirimbiri a boma ndi a Press, womasulira Kamuzu pa misonkhano, kenako mu 1992 nduna mu ofesi ya pulezidenti. Komanso malume a Mama Cecilia Kadzamira. Tsono ganizani ndinu mphunzitsi pa koleji, muli ndi dandaulo. Mupita kwa pulinsipolo, amene nthawi ina anali Dr Zimani Kadzamira, wa banja lomwelo. Mukwera ku khonsolo, mupeza a Tembo. Mukati ndikadandaule ku chipani, a Tembo. Kwa chansala ndiye ku Sanjika, ndipo khomo lake mukulidziwa. Njira zonse zinkakathera pabwalo limodzi. Vuto silinali sukulu yawo, sukulu anali nayo. Vuto linali loti panalibe poti munthu n'kupumira.

Mngoni wa pa Dedza: Dr Kadzamira anali ndi PhD yawoyawo, sanaitole panjira. Kodi munthu asagwire ntchito chifukwa ali ndi achibale?

Wakwithu: Sindinanene kuti anali osaphunzira. Werengani bwino, akulu.

NaPhiri wa ku Leeds: Moni nonse, ndangotuluka kumene ku ntchito usiku uno ndiye ndikuwerenga ndili m'basi. Ine ndinaphunzira unamwino kwathu konko m'ma 80, ndipo chilungamo chake tinkadya bwino, bedi lili lako wekha, mabuku alipo, kaalawansi kakubwera. Ndikamauza ana anga amaona ngati nthano. Kamuzu College of Nursing inakhala gawo la yunivesite mu 1979, College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, zonsezi mu ulamuliro womwewo. Ndiye amene ankayendetsa khonsolo sitinganene kuti ankangogona. Koma mantha analiponso, abale. Tinkalankhula moyang'ana kumbuyo. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mtima wanga umakana kutaya chimodzi.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi NaPhiri, kudya bwinoko tikuwerengerenso mitu. Yunivesite inayamba mu 1965 ndi ophunzira 90. Ngakhale m'ma 80, dziko lonse linali ndi yunivesite imodzi yokha, ophunzira masauzande ochepa. Kudyetsa ana ochepa nyama si chozizwa. Ambiri amene anakhoza bwino MSCE ankabwerera kumudzi kukagwira khasu.

NaPhiri wa ku Leeds: Apo ndavomera, aphunzitsi. M'kalasi mwathu ku sekondale tinapita awiri okha.

Mwana wa Chikanda: Mantha ake otani kodi? Tiuzeni zenizeni, osati mongozungulira.

Madala a 1978: Chabwino, ndikuuza zimene aliyense wa nthawi yathu akudziwa. M'ma 70 aphunzitsi ndi akuluakulu angapo a yunivesite, ambiri a kumpoto, anatengedwa n'kukatsekeredwa popanda mlandu. Felix Mnthali ndi mmodzi mwa iwo. Azungu ena ankangopatsidwa maola oti akhale atatuluka m'dziko. Ndiye pa 25 September 1987 apolisi anamutenga wolemba ndakatulo Jack Mapanje ku Gymkhana Club ku Zomba komweko. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College. Anakakhala kundende ya Mikuyu mpaka May 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osaonekera kukhoti, osauzidwa mlandu. Mikuyu ndi Chirunga si patali, mwanawe, onse ndi Zomba yemweyo. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito ku Blantyre, ndipo nkhaniyi tinaimvera pa wailesi za kunja, titachepetsa mawu, zenera titatseka.

Tsono funso langa, limene ndakhala nalo zaka zonsezi, si loti anamumangitsa ndani. Funso langa ndi ili: wantchito wako akatengedwa masana dzuwa likuswa mtengo, iwe bwana wake umatani? Khonsolo ndiyo inamulemba ntchito. Phokoso lofuna kuti atulutsidwe linkachokera kunja, kwa alembi ndi mabungwe a ufulu wa anthu. Kwathu kuno kunali zii.

Mngoni wa pa Dedza: Madala, inu munalankhula? Mwanena nokha kuti munatseka zenera. Nthawi imeneyo ndani akanatsegula pakamwa? Musamasenzetse munthu mmodzi katundu wa dziko lonse. Amene ankasaina zotsekera anthu sanali wapampando wa khonsolo.

Madala a 1978: Ine ndinali kalaliki wa ana atatu, nyumba ya lendi ku Ndirande. Iwo ankadya mbale imodzi ndi Ngwazi. Tisafanizire, achimwene. Amene ali pafupi ndi moto ndiye amatha kukankha chikuni.

Loya wa pa Gulu: Ndilowererepo pang'ono tisanapse mitima, ndipo ndipemphe kuti tizisiyanitsa zimene khoti linapeza ndi zimene anthu amanena. Ndikudziwa kuti wina abweretsa za ku Mwanza, ndiye ndiyambe ndine. Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza mu May 1983. Boma la a Muluzi litalowa mu 1994 linakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo mu 1995 a Tembo anazengedwa mlandu pamodzi ndi Kamuzu. Mu December chaka chomwecho khoti linawapeza osalakwa. Ndi mmene zilili m'mabuku a khoti, wina akonde asakonde.

Koma pa nkhani yathu ya khonsoloyi pali mlandu wina umene anthu saukumbuka, pamene ndi umene ukuyankha funso la mwanayu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 80 yunivesite inayamba kusankha ophunzira potengera boma lochokera, kota ija. Ophunzira anayi anasumira khonsolo, ndipo mu 1993 High Court inagamula mowakomera. Chimene chimandigwira mtima pa chigamulocho si mawu oti ndondomekoyo inali ya tsankho okha. Khoti linapezanso kuti khonsolo inangolandira lamulo lochokera ku boma n'kuligwiritsa ntchito, osakhala pansi kuliunika yokha monga mmene lamulo la yunivesite limafunira. Kunena kwina, anthu anapatsidwa mphamvu yoganiza, iwo n'kuibweza kwa amene anawapatsa. Kulakwa kwa membala wa khonsolo nthawi zambiri sikukhala kuba. Kumakhala kugwedeza mutu.

Wakwithu: Zikomo a loya. Ndipo musaiwale 1989, aphunzitsi a kumpoto atauzidwa kuti abwerere kwawo. Zinali mphepo imodzi.

Mngoni wa pa Dedza: Nanga kota ija inabwereranso mu 2009 anaibweretsa ndi a Tembo? Anali kotsutsa nthawi imeneyo. Anaibweretsa ndi Bingu, ndipo inakhala mpaka 2020. Khonsolo ya nthawi ya demokalase inakana?

Wakwithu: Sinakane.

Mngoni wa pa Dedza: Basi.

Mphunzitsi Wopuma: A Mngoni mwaponya mwala wabwino, koma wagwera m'munda mwanu momwe. Mwatsimikiza zimene ndinauza mwanayu kuti asunge. Mpando uja unapangidwa moti woukhala aziyang'ana kumene kwachokera kalata yake. A Tembo anaukhala mwamphamvu kuposa wina aliyense, chifukwa iwo sankadikira foni yochokera kumwamba, kumwambako anali komweko. Atachoka, mpando unatsala ndi chizolowezi chake. Taonani 2011. Pa 12 February mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kwathu kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anati sitilowa m'kalasi muli akazitape. Khonsolo inatani? M'malo moima pakati, inachotsa ntchito anayi: Chinsinga, Jessie Kabwila, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Makhoti anaimitsa, koleji inakhala yosaphunzitsa pafupifupi miyezi isanu ndi itatu, mpaka mu October Bingu yemweyo ananena kuti abwerere. Atangonena chansala, nkhani inatha. Ndiye amene ankayendetsa zinthu anali ndani?

Konti wa 2011: Eee aphunzitsi mwandikhudza, imeneyo ndi nthawi yathu. Ndimakumbuka nsalu zofiira zija aphunzitsi ankamanga m'khosi poyenda mumsewu wa ku Zomba. Ife tinabwerera kumudzi, ine mpaka ndinalima fodya ndi bambo anga, kufika pomanga mabelo. Anthu a m'mudzi ankandifunsa kuti kodi sukulu unamaliza, kapena anakuchotsa ukubisa? Kkkkk.

NaPhiri wa ku Leeds: Ndipo dziko ndi lozungulira. Mayi Kabwila omwewo anadzalowa MCP, n'kukhala phungu mu 2014, chipani chimene a Tembo anali atangochisiya m'manja mwa a Chakwera mu 2013.

Mngoni wa pa Dedza: Mwaona? Anachisiya mwamtendere pa konvenshoni. Anapikisana pa upulezidenti mu 2004 n'kukhala wachiwiri, mu 2009 wachiwirinso, sanatengere anthu kutchire. Chipani chija anthu ankati chafa mu 1994, anachisunga ndani? Nthawi ya Section 65, lamulo lija la aphungu osintha chipani, Bingu anatuluka thukuta m'nyumba ya malamulo chifukwa cha mdala ameneyu. Kumeneko si kutumikira dziko?

Loya wa pa Gulu: Kunali kutumikira, ngakhale ena anganene kuti kukaniza bajeti miyezi yonse ija kunapweteka anthu wamba. Koma taonani chodabwitsa chake. Munthu yemweyo amene anadzakhala katswiri wonena kuti "ayi" kwa pulezidenti ali kotsutsa, ndi amene anatsogolera khonsolo imene sitikumbuka tsiku limene inanena "ayi". Luso anali nalo. Nthawi yoligwiritsa ntchito anasankha okha.

Mngoni wa pa Dedza: Kapena ankanena "ayi" wakeyo kuchipinda, inu osamva. Mu 1964 nduna zinzawo zinanena "ayi" poyera, a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza. Zinawathera bwanji? Ena anafera kunja, a Chirwa anafera kundende ku Zomba mu 1992.

Wakwithu: Ndiye mukuvomereza kuti dongosolo lake linali loopsa.

Mngoni wa pa Dedza: Sindinakanepo. Ndikukana zoti munthu mmodzi asenze machimo onse.

Mayi a Bodi: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndiyankhuleko monga munthu amene anakhalapo m'bodi, ngakhale yaing'ono. Ndinasankhidwa ndi mpingo kukhala m'bodi ya koleji ina, dzina ndisatchule. Tsiku loyamba ndinapita ndi mtima wonse, nditagula ndi kope latsopano. Tafika, mapepala a msonkhano akutipatsa pakhomo, mulu wonenepa ngati mtolo wa nkhuni, msonkhano uyamba pakatha mphindi khumi. Pa tebulo pali madzi a m'botolo, maswiti m'kambale, ndi envulopu ya alawansi pansi pa fayilo ya aliyense. Tinafika pa malipoti a ndalama, ine n'kuona kuti ndalama zokonzera denga la hositelo ya atsikana zatuluka kawiri, chaka chatha ndi chaka chino, pamene ndinali nditadutsa pa hositeloyo m'mawa n'kuona mabeseni ali m'khonde kudikira mvula. Ndinakweza dzanja. Chipinda chonse chinangoti zii, wapampando n'kumwetulira, amvekere, "Mayi, zimenezo tikambirana ku komiti." Pa nthawi ya tiyi bambo wina wachikulire anandikokera pambali, akuti, "Mwana wanga, kuno timabwera kudzathandiza, osati kudzachititsa anthu manyazi." Chaka chotsatira dzina langa silinabwererenso.

Palibe anandiopseza. Kunalibe Mikuyu, kunalibe a payoniya. Koma ndinaona mmene munthu umakhalira chete: wakupatsa mpando ndi mnzako wa mumpingo, envulopu yalowa kale m'chikwama, galimoto akuthirira mafuta. Tsono ndikaganiza anthu amene ankakhala pa tebulo limodzi ndi a Tembo m'ma 80, sindifulumira kuwaweruza. Komanso sindiwakhululukira msanga, chifukwa mabeseni aja ndimawaonabe.

NaPhiri wa ku Leeds: Mayi, mwandilasa mtima. Mabeseni!

Konti wa 2011: Pa fizi paja mwana anayambira, mu 2016 khonsolo inakweza kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000. Ana anatseka msewu ku Zomba mpaka ulendo wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America nthawi imeneyo, unasokonekera, mayi uja anabwerera panjira. Mapeto ake a Peter Mutharika monga chansala anadula K50,000. Ana anaimba nyimbo zotamanda, koma taganizani: khonsolo yawerengera, yagamula, kenako wandale akubwera kudzaoneka wachifundo. Mawa lake khonsoloyo ingalimbenso mtima?

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo boma likadula fizi silionjezera ndalama ya ku koleji molingana. Dzenje limatsala pomwepo, amagweramo ndi laibulale ndi malabu.

Admin: Abale, zokambirana zikuyenda bwino, koma ndachotsa mauthenga awiri a munthu wina amene amatchula mitundu ya anthu monyoza. Pano sitichita zimenezo. Komanso a JZU ali ndi ana ndi adzukulu, tilankhule zimene tingathe kuziimira. Pitirizani.

Mwana wa Chikanda: Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri kuposa m'kalasi kkk. Koma ndiye pano zinasintha? Paja Bunda inachoka kalekale n'kukhala LUANAR, ndipo mu 2021 Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi KCN n'kukhala KUHeS. Ndiye kuti makhonsolo achuluka?

Loya wa pa Gulu: Achuluka, iliyonse ili ndi yake, kuphatikizapo MZUNI ndi MUST. Ubwino wake, palibenso munthu mmodzi amene angagwire maphunziro onse apamwamba m'dzanja limodzi ngati kale. Koma ukafuna kudziwa ngati zasinthadi, usayang'ane chiwerengero. Tenga lamulo lokhazikitsa yunivesite yako, uwerenge gawo la khonsolo: amasankha wapampando ndani, angamuchotse ndani, ophunzira ali ndi mipando ingati, ndipo oimira ophunzirawo amavota kapena amangodya nawo masamusa. Ukapeza utiuze.

Madala a 1978: Ndifunse kanthu. Pagulu pano tilipo anthu oposa 200, ambiri madigiri ali pakhoma. Ndani angatchule mamembala atatu a khonsolo ya yunivesite imene anaphunzirako, a lero lino, osayang'ana pa Google?

Konti wa 2011: Kkkkkk madala musatiyalutse.

Wakwithu: Ine ndikudziwa mmodzi, koma mwina anachoka kale.

Mngoni wa pa Dedza: Mwaona tsono, a JZU mpaka lero mukuwatchula ndi mayina onse atatu.

Madala a 1978: Timawatchula, a Mngoni, koma musafunse chifukwa chake, tingayambirenso.

NaPhiri wa ku Leeds: Ine ndafika pakhomo, ndikagone. Madala, K1 ija muijambule tiione, ana anga sakhulupirira kuti inalipo ya pepala.

Madala a 1978: Mawa kukacha, mayi. Magetsi azima kuno, ndipo Baibulolo lili m'sutikesi pansi pa bedi, pamene agona adzukulu.